Galasi la Moni ndi Mthenga Wochedwa

Galasi la Moni linkayankha munthu asanatseke n'komwe pakamwa. M'mawa umenewo a Nankhoma a ku Chilomoni anaima pabalaza, chitenje chili m'chifuwa, mswachi uli m'manja, n'kulifunsa ndi mawu omwe aja ankaitanira anthu pa siteji, kale ali kondakitala, mabasi asanayambe kudziyendetsa okha.

"Iwe galasi, Chiletso wadzuka bwanji?"

Galasilo, lalikulu ngati thireyi ya tiyi, lopachikidwa pakhoma pafupi ndi kalendala ya mpingo, linawala mobiriwira nthawi yomweyo. "Ali bwino, amayi," linatero mofatsa, n'kuonetsa kamtima kakugunda pang'onopang'ono.

"Wamva?" a Nankhoma anatembenukira mwana wawo wamkazi, Ndaziona, yemwe ankamanga nsapato pakhomo kuti azipita ku ntchito. "Achimwene ako ali bwino. Ine lero ndikupita ku Lunzu kukaona azakhali ako, ndibwera dzuwa litapendeka."

Chiletso Kalilangwe, mwana wawo woyamba, sanali ku Lilongwe kapena ku Joni. Anali ku Mwezi. Kampani ya Nthanda inkakumba madzi oundana m'mapanga a kum'mwera kwa Mwezi, n'kumawasandutsa mpweya wopuma ndi mafuta a zombo zopita kutali. Makolo akale ankapita ku migodi ya ku Joni n'kumatumiza kalata kamodzi pa chaka. Adzukulu awo anangotalikitsa ulendo, koma kunyumba anasiya galasi loti liziwayankhira moni.

Amene anaphunzitsa galasilo kuyankhula anali Ndaziona yemweyo. Iye ankalemba mapulogalamu a nkhope ya galasi, mbali imene anthu amaiona ndi kuigwira. Kudzikayikira sankakudziwa mtsikana ameneyu. Akati chinthu chitheka, ndiye kuti wayamba kale kuchichita, ndipo anzake a ku ofesi anali atatopa n'kubetcherana naye.

Galasi palokha silinkadziwa kanthu. Likafunsidwa, linkatuma mthenga, kauthenga kouluka pa netiweki, kukagogoda pa khomo lofunsira la seva, kompyuta yaikulu ya kampani, khomo lomwe akatswiri amalitcha API. Seva inkafunsa setilaiti, setilaiti n'kufunsa mlongoti wa pa mgodi, mlongoti n'kufunsa chovala chimene munthuyo wavala, pakuti chovalacho chinkamva kugunda kwa mtima ndi kapumidwe kake. Yankho linkabwerera njira yomweyo. Koma likafika silinkathamangira pa nkhope ya galasi ayi. Linkayamba lalowa m'nkhokwe, malo amodzi m'kati mwa pulogalamu momwe munkasungidwa zonse zimene galasi likudziwa pa nthawiyo. Pa khomo la nkhokwe panali mlonda, kachigawo ka pulogalamu kololeza zolowa. Nkhope ya galasi inkangoonetsa zimene zili m'nkhokwe, osaonjeza, osachotsa.

Vuto linali lakuti ulendo wa mthenga unkatenga nthawi. Magalasi oyamba ankaonetsa kagudumu kozungulira podikira yankho, ndipo kagudumu kameneka amayi a m'dziko muno anadana nako koopsa. Tsiku lina kukugwa mvula ya mkuntho, kanazungulira nthawi yaitali pakhoma la a Nankhoma. Iwo anakayang'ana, anakayang'ana, mpaka magazi anathamanga, anagwa pansi, n'kukatsitsimukira kuchipatala. Ndaziona atawaona atagona pabedi paja, analumbira mumtima kuti amayi ake sadzaonanso kagudumu.

Nzeru anaipeza msanga, monga mwa masiku onse. Galasi likafunsidwa, lizingonena pomwepo zimene zili kale m'nkhokwe, mthenga azipita mobisa kuseri. Akabwera ndi zatsopano, nkhokwe isinthe mwakachetechete. Akabwera chimanjamanja, galasi lisanene kanthu, lingotuma wina.

"Nanga kukachitika zoipa?" wina anafunsa pa msonkhano nthawi imeneyo.

Anayankha ndi bwana wawo, a Chikakuda, bambo wa tayi ndi ulemu wambiri. "Uthenga woipa sunenedwa ndi khoma, anzanga. Pamabwera anthu, amavula zipewa, amakhala pansi, kenako amayankhula. Kampani izitumiza anthu. Ndipo tonse tikudziwa, kwathu kuno ngakhale mutu ukung'ambika, moni timayankha kuti ndili bwino kaye, zina zija pambuyo."

Onse anagwedeza mitu, pakuti zinali zoona. Motero galasi linaphunzitsidwa ulemu wa kwathu, ndipo linaudziwa kuposa eni ake. Linagulidwa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, Ndaziona n'kukwezedwa pa ntchito. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'mawa wa ulendo wa ku Lunzu uja, atatsika sitima ya pa chingwe yodutsa pamwamba pa Ndirande, Ndaziona analowa mu ofesi yawo ku Limbe akung'ung'udza nyimbo. Anatsegula zenera lakuseri pa kompyuta yake, pomwe pankaoneka amithenga onse opita ndi obwera, timadontho toyenda m'mizere. Nyimbo ija inathera pakhosi. Timadontho tonse topita ku mgodi womwe anyamata anaupatsa dzina loti Sapitwa tinkabwerera tofiira, topanda kanthu. Anabwerera m'mbuyo kuona pomwe zinayambira. Kuyambira dzulo m'mawa panalibe mthenga ngakhale mmodzi wobwera ndi yankho. Chiletso ankagwira ntchito ku Sapitwa.

Analowa mu ofesi ya a Chikakuda osaodira.

"Bwana, ku Sapitwa kwatani?"

A Chikakuda anavula magalasi awo a m'maso n'kuwapukuta ndi tayi. "Khala pansi, Ndaziona."

"Ndiima, bwana. Kwatani?"

"Chivomezi. Chinagwetsa mlongoti, ndipo khomo la mgodi latsekeka. Anyamata ali m'kati, aliyense m'kampata kake. Maloboti akukumba, koma ndi ochepa, akuyenera kusankha woyamba kumufikira. Tikukonza magalimoto ndi azibusa oti ayendere mabanja. Nyumba n'zambiri. Ena tiwafika mawa, ena mkuja."

"Achimwene anga ali moyo?"

"Dzina lawo lili pa amene ayankha. Opulumutsa aboola thanthwe n'kulowetsa kawaya kang'ono. Zovala zija zazimitsa zoyeza thupi kuti batire lisungire mpweya, ndiye chomwe chikudutsa ndi mawu okha. Masana ano azilumikiza munthu mmodzimmodzi ku galasi la kwawo, kamphindi kochepa. Galasi likalira popanda woyankha, akupita kwa wina. Kawayako sikadziwika ngati kafike madzulo."

Ndaziona anaona m'maganizo amayi ake atanyamula dengu, akutseka geti, akulowera ku Lunzu ndi mtima uli m'malo. Anaona galasi likulira m'nyumba yopanda munthu, Chiletso ali pansi pa thanthwe kudikira mawu a amayi ake, mwina komaliza. Ndipo sanali amayi ake okha. Nyumba iliyonse yokhala ndi mwana ku Sapitwa inali itauzidwa m'mawa womwewo kuti ali bwino.

"Galasi liwauze," anatero.

"Ayi. Tinagwirizana kale za chimenechi."

"Tinagwirizana kuti khoma lisanene maliro, bwana. Sitinagwirizane kuti khoma lizithamangitsa anthu panyumba tsiku loti ana awo akuwafuna. Ndipatseni mpata. Dzuwa lisanafike pamutu, galasi lililonse likhala likunena zoona, ndipo lizinena mwaulemu."

A Chikakuda anavalanso magalasi awo. "Amayi ako omwe aja anagwa chifukwa cha kagudumu? Ukufuna khoma liwauze kuti mwana wawo wakwiririka?"

Mawuwo anamulasa, ndipo anachita mantha, mantha enieni, oyamba m'zaka zambiri. Koma anayankha osagwetsa maso. "Ndikakhala nawo ndine. Mukapanda kundilola, adzandifunsa kuti unadziwa bwanji osanena, ndipo limenelo ndi funso lomwe sindingaliyankhe."

Bwana uja anapumira m'mwamba n'kukankhira kiyi wa pulogalamu patebulo. "Ukalakwitsa, talakwitsa tonse. Pita."

Choyamba anaimba foni. "Amayi, musanyamuke. Ndikubwera, ndili ndi mawu."

"Mawu anji osanena pafoni? Wapeza mwamuna?"

"Ingondidikirani, amayi."

Kenako anakhala pa kompyuta, zala n'kuyamba kuthamanga. Cholakwika anachiona poyera. M'nkhokwe munkasungidwa yankho lokha, osasunga za mthenga amene watumidwa. Nkhokwe yotero singasiyanitse nkhani ya lero ndi ya dzulo. Tsono pambali pa yankho anaika malo ena, osunga pomwe mthenga ali: kaya sanatumidwe, kaya ali m'njira, kaya wabwera ndi yankho, kaya wabwera chimanjamanja. Anaikanso nthawi yomwe yankho lomaliza linafika. Mlonda anamulamula kuti azilemba zonsezi m'nkhokwe, ngakhale zosakoma. Nkhope ya galasi anaipatsa mtundu wachitatu, wachikasu, wotanthauza kuti sitikudziwa.

Mwambo uja sanautaye. Analemba kuti galasi lisayambe ndi nkhani, liyambe ndi kuodira. Linene kuti ndili ndi mawu olemera, itanani mnansi mukhale naye, ndipo lidikire mpaka limve mawu a anthu awiri m'chipindamo. Anayesa pulogalamuyo pa galasi la mu ofesi, inayenda bwino, anaitumiza ku magalasi onse, n'kupinda kompyuta yake kuthamangira kabaza wamagetsi.

Anapeza a Nankhoma atakhala pakhonde, atavala kale nsapato za ulendo, dengu lili pambali. M'nyumba galasi linali likuodira, likupempha kuti aitane mnansi.

"Chinthu chako chija chapenga," anatero a Nankhoma. "Chasanduka chachikasu ngati papaya, ndiye chikuti ndiitane anthu. Ndati ndidikire mwini wake."

Ndaziona anawagwira dzanja n'kulowa nawo. Anawakhazika pampando, iye n'kukhala pansi pa simenti, miyendo atapinda, monga amakhalira munthu wobwera ndi uthenga. A Nankhoma ataona kakhalidwe kameneko, nkhope yawo inasintha. Galasi litamva mawu awiri, linayankhula.

"Sitinamve kuchokera ku chovala cha Chiletso kuyambira dzulo m'mawa. Ku mgodi kwachitika ngozi. Opulumutsa akuti ali moyo. Khalani pafupi, masana ano akhoza kuyankhula nanu."

Ndaziona maso anali pa chifuwa cha amayi ake, dzanja lina lili kale pa botolo la mankhwala m'thumba. A Nankhoma anawerama, anavula nsapato za ulendo zija, n'kuziika bwinobwino pansi pa mpando.

"Dzulo m'mawa," anatero. "Ndiye lija la lero m'mawa linali bodza?"

"Linakuuzani za dzulo, amayi. Linalibe zatsopano, ndiye linabwereza zakale."

"Ine n'kutsala pang'ono kupita ku Lunzu." Anapukusa mutu. "Kaitane a Nangozo. Ubwere ndi madzi akumwa."

Sanagwe. Ndaziona anadabwa mpaka anaiwala kutulutsa mankhwala aja.

A Nangozo, mnansi wa kuseri kwa mpanda, anabwera ndi mpango kumutu, ndipo pambuyo pawo panabwera ena. Posakhalitsa pabalaza panadzaza amayi atakhala pamkeka, abambo angapo ataima pawindo. Wina anayambitsa nyimbo ya mpingo chapansipansi. Ndaziona anatsegula kompyuta yake pa kampando n'kuona kuti m'dziko lonse magalasi a ku Sapitwa anali achikasu, ndipo pafupifupi lililonse linali litamva mawu a anthu awiri. Anthu anali m'nyumba zawo. Anadziuza kuti ntchito waigwira, ndipo kunena zoona, anayamba kudzitama pang'ono mumtima. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Nyimbo ili pakati, galasi linasintha. Linawala mobiriwira, kamtima kaja n'kuyamba kugunda bwinobwino.

"Ali bwino, amayi," linatero.

Nthungululu inang'amba denga. A Nangozo anadumpha n'kukumbatira a Nankhoma, abambo a pawindo anaomba m'manja, wina anathamangira kumsewu akufuula kuti apulumuka. Misozi ya chimwemwe inatsika m'masaya a a Nankhoma. Ndaziona nayenso anaimirira, mtima ukufuna kutuluka, koma maso ake, ozolowera ntchito, anagwera pa kompyuta. Anayang'ana mthenga amene wabweretsa nkhani yabwinoyo, n'kuyang'ana nthawi yomwe chovala chinamupatsa yankho.

Linali la dzulo m'mawa, chivomezi chisanachitike.

Anamvetsa msanga. Mthenga ameneyu anali atanyamuka ku mgodi zinthu zili bwino, n'kutsekeredwa pa setilaiti njira itaduka. Tsopano kawaya kaja katatsegula njira, amithenga onse akale anamasuka n'kuthamangira kunyumba, aliyense ndi nkhani yake yogona. Mlonda wa nkhokwe anawalandira ndi manja awiri, poti lamulo lake linkati wobwera ndi yankho alowe. Palibe anamuuza kuti afunse kuti yankholo ndi la liti.

Ndaziona anayang'ana amayi ake akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Kukhala chete kunali kosavuta. Ndani akanamudzudzula? Koma pa kompyuta paja magalasi ankasanduka obiriwira limodzilimodzi, ku Mzimba, ku Dedza, ku Chikwawa, ndipo ankadziwa chimene chitsatire. Anthu atsanzikana, amwazikana, wina apita kumunda, wina kukauza abale, ndipo galasi lidzalira m'nyumba zopanda anthu. Ngakhale pano a Nankhoma anali atayamba kufunafuna nsapato zawo ndi phazi.

"Amayi, khalani pansi," anatero. "Nonse khalani pansi. Limeneli si la lero."

Phokoso linazima.

"Ukuti chiyani, mwana iwe?" anafunsa a Nangozo. "Galasi lanena lokha, tonse tamva."

"Lanena za dzulo, amayi. Mthenga wake anachedwa m'njira. Ali ngati munthu wochokera ku ukwati yemwe wafika mudzi utapsa, n'kumanena kuti kwathu n'kwabwino."

"Ana a sukulu inu mulibe chisoni! Mayi ako angopuma kumene, iwe ufuna uwabwezere pamoto?"

Ndaziona anagwada pa kampando kaja n'kuyamba kulemba, thukuta likutsika m'khosi. Lamulo lake linali lalifupi. Mthenga aliyense azipatsidwa nambala ponyamuka, wotsatira nambala yokulirapo. Mlonda azikumbukira nambala ya mthenga womaliza kutumidwa, ndipo wina aliyense wobwera ndi nambala yakale abwezedwe pakhomo, ngakhale atanyamula nkhani yokoma chotani. Amithenga akale omwe anali atalowa kale anawachotsa m'nkhokwe. Anawerenga mizereyo kawiri, anaiyesa, n'kuitumiza.

Galasi linabwerera ku chikasu. Pabalaza panamveka kung'ung'udza, wina n'kunena chapansipansi kuti mwana ameneyu ngwamwano kuyambira kale.

"Musiyeni," anatero a Nankhoma. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kukankhira nsapato zija kutali ndi phazi. "Ine ndagwira ntchito m'mabasi. Munthu wokuuza kuti basi ikubwera pomwe inadutsa kale ndi mdani wako, ngakhale akusekerere. Tikhala pompano."

Anakhala. Dzuwa linadutsa pamutu n'kuyamba kutsetsereka. Kagudumu kaja, komwe Ndaziona analumbira kuti amayi ake sadzakaonanso, kankazungulira pakona pa galasi nthawi iliyonse mthenga akatumidwa, ndipo a Nankhoma ankakayang'ana osaphethira. Ndaziona anaika nthawi yotalikirapo pakati pa mthenga ndi mnzake, kuti magalasi asadzaze kawaya kaja ndi mafunso n'kutsekereza mawu a anthu. Kenako panalibenso chochita. Anakhala pansi n'kutsamira mwendo wa amayi ake ngati mwana wamng'ono.

Galasi linalira.

"Kuno ndi ku Sapitwa," anatero mawu a munthu wamkulu, akudukaduka. "Ndine Matewere, mkulu wa opulumutsa. Kwa a Kalilangwe kuli munthu?"

"Tilipo!" nyumba yonse inayankha.

"Nthawi ndi yochepa. Yankhulani."

Panamveka kupuma kolemera, kenako mawu omwe a Nankhoma akanawazindikira ngakhale pakati pa msika wa Limbe.

"Amayi? Mwaswera bwanji, amayi?"

"Zanga zisiye. Iwe uli bwanji?"

"Ndili bwino, amayi. Musadandaule."

Amayi a pamkeka anapumira pansi, ena n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Koma a Nankhoma anaimirira, n'kuyandikira galasi mpaka mphuno kutsala pang'ono kuligunda.

"Chiletso! Usandiyankhe ngati galasi la mlongo wakoli. Lero ndanamizidwa kawiri ndi mawu amenewo, kachitatu ayi. Ndinakubala ndine. Ukupumiranji ngati wakwera phiri la Michiru? Matenda mwabisa, maliro tidzamva. Nena!"

Kunali zii. Ndaziona anamva kawaya kakusokosera, ndipo anaopa kuti kaduka.

"Mwendo, amayi," mawu aja anabwera, tsopano aang'ono ngati a mwana. "Mwala wandipana mwendo wakumanzere. Poyamba umapweteka, pano sindikuumvanso. Ndipo chovala chang'ambika pabondo. Ndamata, koma mpweya ukutuluka pang'onopang'ono. Ndikuzizidwa, amayi."

"Kalilangwe!" anafuula a Matewere. "Ine ndakufunsa m'mawa, iwe wati uli bwino! Takuika kumapeto kwa mzere chifukwa cha mawu ako!"

"Munandipatsa moni, bwana," anatero Chiletso. "Ndiye ndinayankha moni. Ndimati muyambe ndi anzanga."

A Matewere ananena mawu ena omwe sitingawalembe pano, kenako anamveka akulamula anthu awo. "Tembenuzani maloboti onse awiri a kumpoto, apite kwa Kalilangwe, pompano! Ndipo amene tawafunsa kale aja tiwafunsenso. Ofunsa tisakhale ife, afunse amayi awo ndi akazi awo." Anabwerera ku galasi. "Mayi, pitirizani kumuyankhula. Asagone. Sindikudulani mpaka timufike."

A Nankhoma anakoka mpando n'kukhala pamaso pa galasi. Anamukumbutsa za tsiku lomwe anaba mango kwa a Nangozo n'kugwa mumtengo, a Nangozo n'kuvomereza mofuula kuti mpaka lero sanaiwale. Anamukalipira za mtsikana wa ku Zingwangwa yemwe anamusiya popanda chifukwa. Akayamba kuyankha mwaulesi, ankamutchula dzina lonse ngati akumuitana kuti adzatsuke mbale. Ndaziona anaonjezapo zake, kumuopseza kuti akagona agulitsa njinga yake. Mthunzi wa mpanda utafika pakhonde, panamveka chitsulo chikukanda mwala, kenako phokoso, kenako mawu a a Matewere.

"Tamugwira. Ali moyo."

Mthenga watsopano, wa nambala yoyenera, anagogoda pa nkhokwe, mlonda n'kumutsegulira. Galasi silinanene kuti ali bwino. Linati, "Chiletso wavulala mwendo, ali m'manja mwa madokotala, mtima ukugunda. Uthengawu ndi wa tsopano lino." Nthungululu ya ulendo uno inali yochepa, ya anthu otopa, koma palibe anaibweza.

Masana omwewo amuna ena angapo a ku Sapitwa, omwe onse anali atauza opulumutsa kuti ali bwino, anaulula kwa amayi awo ndi akazi awo za nthiti zothyoka ndi mpweya wotsala pang'ono. Chiletso mwendo uja madokotala anaudula m'munsi mwa bondo n'kumuika wachitsulo, ndipo anatumiza uthenga woti tsopano azimenya mpira kuposa kale. A Chikakuda anaitanitsa msonkhano n'kulamula kuti chikasu chikhale mpaka kalekale. Galasi likhoza kuodira, likhoza kuitanitsa mnansi, koma lisadzanenenso za dzulo ngati za lero.

Chimene palibe anachiganizira n'chakuti anthu adzatengera galasi. M'misewu ya Chilomoni moni unayamba kutalika. Munthu ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankayamba waima kaye, ngati akudzifunsa m'kati, ndipo anyamata ankaseka kuti kagudumu kakuzungulira. Ena ankadandaula kuti masiku ano kupereka moni n'kudziputira nkhani. Ndaziona ankaseka nawo, n'kumati zimenezo si za dipatimenti yake.

M'mawa wina, mvula yoyamba itagwa, anatuluka kuchipinda atavala za ku ntchito. Anapeza amayi ake atakhala pampando pamaso pa galasi, manja ali pamiyendo. Anali atafunsa kale za Chiletso, anadikira kagudumu, n'kumva kuti wayamba kuyenda popanda ndodo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero Ndaziona, akufunafuna makiyi m'chikwama.

Yankho silinabwere. Ndaziona anadzutsa mutu.

"Ukufuna la m'nkhokwe," anafunsa a Nankhoma, "kapena nditume mthenga?"

Ndaziona anayamba kuseka, koma ataona maso awo, kuseka kunatha. Anaika chikwama pansi.

"Tumani mthenga, amayi."

A Nankhoma anatenga dzanja la mwana wawo n'kuliika m'munsi mwa khwapa lawo lakumanja. Pansi pa khungu panali chotupa cholimba, chachikulu ngati dzira la nkhunda.

"Chinayamba nthawi yokolola," anatero. "Ndimati ndikuuze, koma iwe umafunsa uli pakhomo, nsapato zili kuphazi. Ndiye ndimangokupatsa la dzulo."

Ndaziona anagwada pomwepo, dzanja lili pamalo paja, ndipo analira osabisa. Kenako anapukuta nkhope, anaimba ku ofesi kuti lero sabwera, n'kuitanitsa galimoto yopita kuchipatala. Anawatengera nsapato za ulendo zija n'kuwaveka yekha, phazi limodzi kenako linalo.

"Tapita msanga, amayi. Madokotala a masiku ano zimenezi amazitha," anatero, ndipo ankakhulupirira zimene ankanena.

"Tikamve kwa iwowo," anayankha a Nankhoma. "Iwe usayambe kundiyankhira."

Zaka zonsezi Ndaziona ankaopa kuti choonadi chidzawagwetsa amayi ake, osadziwa kuti chimene chinkawadya mwakachetechete ndi "ndili bwino" yemwe iye ankamulandira m'mawa uliwonse osafunsa kuti ndi wa liti.